Zotsekemera za Samli

Samli ndinakula naye m'mudzi mwathu muno, chakumpoto kwa mzinda wa Khon Kaen. Tinkawokera limodzi mpunga tili atsikana, ndipo mano athu anayamba kugweduka nyengo imodzi. Dzanja lake linadziwika ndi zotsekemera: mpunga womata wophika mumkaka wa kokonati, wothira shuga wa mgwalangwa, wokulunga m'masamba a nthochi. Mwamuna wake Khamdi ankadya mpaka kunyambita tsamba.

Khamdi atatisiya, Samli sanaleke kuphika. M'mawa uliwonse amonke akamadutsa ndi mbale zawo kulandira chakudya, iye ankavula nkhwaira, kugwada m'fumbi, n'kuika timitolo take m'mbale ya a Luang Ta Bunma, mkulu wa pakachisi pathu. Paja chimene waika m'mbale ya mmonke chimakafika kwa wakufa wako, ndipo mmonke sakana kapena kusankha chimene wapatsidwa. Ine ndinkamuseka kuti Khamdi watupa mimba kumene aliko. Iye ankabweza kuti malemu mwamuna wanga ndiye watsala mafupa ndi tinsomba tanga touma.

Chaka chatha, mvula itangotha, a Luang Ta anasowa pamsewu. Anabwerako kuchipatala atawadula zala za kuphazi lamanzere. Namwino anatisonkhanitsa pakachisi, natiuza kuti ndi matenda a shuga, natipempha kuti tileke kuika zotsekemera m'mbale. Sanatchule munthu. Amayi onse anazolikira pamkeka, koma mmodzi anacheuka pang'ono kuyang'ana Samli, kenaka winanso.

Kuyambira tsikulo Samli sanatulukenso m'mawa. Kumsika ankazembera masana, dzuwa likuswa mtengo, anthu atabisala m'nyumba. Ndinakamupeza kuseri kwa nkhokwe, chokalira kokonati atachivundikira.

"Iwe nkhalamba, unafa osatiuza?" ndinatero.

Sanaseke. "Thongbai, ndadula phazi la munthu woyera ndi manja angawa. Nanga ndikaleka, Khamdi azidya chiyani?"

Ndinamukumbutsa kuti mudzi wonse unkaika zakumwa zam'mabotolo ndi makeke akumsika. Anapukusa mutu. Anati enawo ankaika mwa apo ndi apo, koma iye sankadumphitsa, ndipo a Luang Ta ankamaliza zake zonse chifukwa ankadziwa mwini wake. Zinalidi zoona.

Titamva kuti a Luang Ta ayambiranso kuyenda, ndinalawirira kwa Samli kuti ndikamukoke ngakhale ndi chingwe chomangira njati yolimira. Ndinamupeza atavala kale, mbale ili m'manja: nsomba yowiritsa, masamba owawa a nimu, ndi mpunga pang'ono wopanda chothira. Njira yonse anayenda kumbuyo kwanga ngati mwana wolakwa.

Amonke anafika pang'onopang'ono, a Luang Ta akutsamira ndodo, phazi lili m'nsalu yoyera. Samli anagwada, naika chakudya chake. Iwo anasuzumira m'mbale, nayimba mawu a madalitso monga mwa masiku onse, osawonjezera kanthu. Maso a Samli sanachoke pansalu ya kuphaziyo.

Atapita, ndinamugwira m'khwapa n'kumudzutsa. Anasasa fumbi pansalu yake, akuyang'anabe pansi.

"Khamdi masamba owawa sankawalawa n'komwe," anatero motsitsa mawu. "Basi, akaphunzirira konko."