Ana Anayi Amene Sanaliridwe

Mukadutsa msika wa Kandeu n'kutsata njira ya ngolo yolowera kumapiri, mukafunsa za Loyce Maliro, anthu akuuzani zinthu ziwiri: kuti nyemba zake sizifumbwa, ndiponso kuti anagwetsapo mlamu wake m'matope pamjigo. Zonsezi n'zoona. Koma anthu akwathu ndi akatswiri pokumbukira ndewu, chimene chinabutsa ndewuyo amachitaya panjira.

Loyce, Nangozo pamfunda wake, anabwera m'mudzimo pachitengwa ali mtsikana wa masaya. Anakwatiwa ndi Geoffrey Maliro, mwana wa bambo amene mapapo awo anathera m'migodi ya ku Joni. Geoffrey naye mwendo unali womwewo. Ankagwira ntchito pafamu ya mphesa kumeneko, n'kumabwera pa Khirisimasi ndi mabulangete, wailesi ndi Chichewa chopindika. Akamabwerera mu Januwale, kawirikawiri ankamusiya Loyce ali woyembekezera.

Mwana woyamba anabadwa dzuwa likuswa mtengo. Matenda anayamba mwadzidzidzi, ndipo pamene amuna ankalimbana ndi kumanga ng'ombe pangolo kuti athamangire naye kuchipatala, khanda linali litalira kale m'manja mwa azamba. Anali mtsikana wojintcha, wa mawu ngati wamkulu. Anamutcha Chifuniro.

Wachiwiri anali mnyamata. Analira bwino, anayamwa bwino. Kutacha, maso ake anali achikasu, kenako thupi lonse linachita chikasu ngati papaya lakupsa. Anasiya bere, nafa asanatuluke m'chikuta. Wachitatu anabadwa atafa kale, atatupa thupi lonse. Wachinayi ndi wachisanu chimodzimodzi, ngakhale kuti Loyce sankajomba kusikelo. Pakachipatala kamene ankapita anangomuuza kuti zimachitika, alimbe mtima.

Mwana wotere kwathu kuno saliridwa. Amayi okhaokha amamukulunga m'nsalu, n'kukamuika m'dzenje losaya kumphepete kwa manda, popanda nyimbo, popanda mkulu wa mpingo. Mayi wake amamuuza kuti asagwetse msozi, akalira adzatseka mimba yake. Loyce anamvera. Anameza misozi kanayi konse, ndipo kumvera kwakeko sikunamupatse ngakhale mwana mmodzi.

Tsono pamudzi imfa siyenda yokha, imafuna mwini wake. Amene anamupeza mwiniyo anali a Hannah, mchemwali wake wamkulu wa Geoffrey, mayi woimba bwino kumvano koma wa lilime lopanda chivindikiro. Tsiku lina m'mawa pamjigo, Chifuniro ataima ndi kandowa kake, a Hannah anamuloza ndi mlomo.

"Kamwana aka kanatseka pakhomo potuluka," anatero. "Sikafuna mnzake pabere. Mudzaika ana mpaka liti musanaone zimenezi?"

Loyce anatula ndowa, nawagwira alamu akewo m'chiuno, n'kuwakhazika m'matope momwe mumamwera nkhumba. Mlandu unatha ndi nkhuku, koma mawu aja sanathe. Kusukulu anzake anayamba kumutchula Chifuniro kuti Katseka. Amayi apakati akamuona ankapatuka, ndipo panalibe amene ankamupatsa khanda kuti alinyamule. Geoffrey anayamba kudumpha Khirisimasi imodzi, kenako ziwiri, mpaka kunamveka kuti ali ndi banja lina kumeneko, la ana amoyo. Loyce akanatha kubwerera kwawo. Anakana, ati kuchoka kukanakhala kuvomera.

Kuyambira pamenepo moyo wake unali ndi ntchito imodzi: kuchotsa dzina loipa pamutu pa mwana wake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Analima nyemba ndi chimanga yekha, nasenza yekha kupita nazo kumsika, ndipo Chifuniro sanagwirepo khasu nthawi ya sukulu. Mwana akabwera akulira kuti amutchula dzina lija, Loyce ankamugwira chibwano n'kumuuza kuti, "N'zabodza. Amene anawerenga mabuku amadziwa kuti n'zabodza." Iye mwini analekezera Sitandade 4, koma mabuku ankawakhulupirira kuposa mmene ena amakhulupirira asing'anga.

Chifuniro atasankhidwa kupita kukoleji ya unamwino ku Blantyre, Loyce anamuperekeza mpaka pa boma. Minibasi ikudzaza, anamukokera pambali.

"Ukakafika uko, undifunire m'mabuku chimene chinapha ang'ono ako," anatero. "Ndikufuna ndikawauze azakhali ako asanafe."

Ndipo poti chimwemwe sichisunga chinsinsi, analengeza yekha kumvano kuti yankho likubwera, amene ali ndi makutu adikire.

Chaka choyamba Chifuniro ankabwera patchuthi ndi nkhani zokoma. Anafotokozera mayi ake kuti munthu amayamba ngati kadontho kamodzi kosaoneka ndi maso, kotchedwa selo, ndipo kamagawika pawiri, tiwirito n'kugawikanso, mpaka papezeke mafupa, maso ndi zikhadabo. Anati m'kadontho kalikonse muli malangizo, theka ochokera kwa bambo, theka kwa mayi. Loyce ankaseka n'kumati, "Ndiye mphuno imeneyo usandinamizire ine." Za ana aja, Chifuniro ankangoti sanafikepo.

Chaka chachiwiri anabwera wofatsa. Sanaseke nthabwala ya mphuno. Anapempha mayi ake kuti apite limodzi pa boma akayezetse gulu la magazi awo. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, anakhala awiriwiri pamkeka akusankha nyemba.

"Walipeza yankho," anatero Loyce. "Ndakuonera m'maso. Nena."

"Amayi, n'zovuta kufotokoza."

"Ndinamva za kadontho kogawika, izi zindikanika bwanji?"

Chifuniro anayang'ana m'lichero. Anati anthu ambiri magazi awo ali ndi kachizindikiro kena kobadwa nako, ndipo ochepa alibe. Si matenda, ndi chibadwa basi. "Inuyo mulibe, amayi. Ine ndili nako, ndinatengera kwa abambo. Ana anu onse ayenera kuti anatengera komweko."

"Nanga kachizindikiro kangaphe munthu?"

"Mwana ali m'mimba, magazi ake ndi a mayi sasakanikirana kwenikweni. Koma pobadwa, timagazi ta mwana timalowa mwa mayi. Asilikali a m'thupi mwanu ataona kachizindikiro kachilendoko anakatenga ngati mdani, ndipo asilikali amenewa saiwala. Mwana woyamba amakhala atatuluka kale, sampeza. Wachiwiri amampeza ali m'kati, n'kuyamba kuphwanya magazi ake. Chikasu chija n'chimenecho. Otsatirawo amawapeza msanga kuposa pamenepo."

Loyce anasiya kusankha nyemba. Sanali munthu wochedwa kumva, ndipo tsiku limeneli analakalaka akanakhala wogona mutu.

"Magazi amene anawaphunzitsa asilikaliwo," anafunsa pang'onopang'ono, "anali a ndani?"

Misozi ya Chifuniro inagwera m'nyemba.

"Ndiye kuti azakhali ako..."

"Pali jakisoni, amayi," anatero mwanayo mofulumira. "Akanakubayani nditangobadwa, asilikaliwo sakanaphunzira kanthu. Onse akanakhala moyo. Jakisoni mmodzi mwana aliyense akabadwa, basi."

Loyce anakumbukira ng'ombe zija zikukana goli pabwalo, iye akumva khanda likulira n'kumathokoza Mulungu kuti wapulumuka ulendo wa kuchipatala. Mtima unamuwawa kuposa tsiku lililonse limene anaika mwana. Zaka zonsezi anatchingira mwana wake mawu a pamjigo ndi thupi lake, kenako anamutumiza yekha, ndi thukuta lake, kukawapeza mawu omwewo atalembedwa m'buku.

"Nanga ako?" anafunsa. "Ukadzakwatiwa?"

"Anga sadzavutika. Ine kachizindikiro ndili nako."

"Chabwino. Bambo ako anakusiyirako kanthu," anatero Loyce, nayambanso kusankha nyemba ngakhale sankaziona.

Mudzi unali ukudikira yankho limene iye mwini analonjeza. Kutacha anavala chitenje cha kumvano napita kwa a Hannah. Anawapeza pakhonde, atakalamba, maso atachita ng'ala, azimayi ena atatu akuwathandiza kutongola chimanga. Loyce anali ataukonzekera ulendo umenewu kwa theka la moyo wake. Mawu anali nawo kale, akuthwa, owanola chaka ndi chaka.

"Mwabwera ndi za m'mabuku, aNangozo?" anafunsa a Hannah.

"Ndabwera nazo, alamu. Andiyeza pa boma. Akuti ndi magazi anga. Ndinabadwa ndi magazi osagwirizana ndi a achimwene anu, ndiwo ankapha ana m'mimba. Mwana uja musiyeni."

Sananame. Anangodula nkhani pakati, theka linalo n'kulimeza monga anamezera misozi. A Hannah anapukusa mutu mwachifundo chimene chimapweteka kuposa chipongwe.

"Ogo! Mlongo wanga anavutika ndi zambiri," anatero. "Tinkamunena mwana wosalakwa, chikhalirecho njoka ili m'nyumba."

Loyce anavomera ndi mutu, natsanzika mwaulemu. Pofika Lamulungu, dzina la Katseka linali litafa. Mayi wina mpaka anamupatsa Chifuniro khanda kuti alinyamule pabwalo la tchalitchi. Chifuniro analilandira, nalibweza msanga.

Tchuthi chitatha, Loyce anamuperekeza kumsewu kokakwera njinga ya kabaza. Chikwama atachimanga kale, Chifuniro anatembenuka.

"Amayi, ndikanapanda kubadwa ine..."

"Akanakhala woyamba ndi mnzako, ndipo ndikanagwetsa azakhali ako m'matope chifukwa cha iyeyo," anatero Loyce. "Munthu sasankha kubadwa poyamba. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Koma Loyce anaona kuti mawuwo sanalowe. Kale akamugwira chibwano n'kunena kuti n'zabodza, mwanayo ankakhulupirira. Tsopano mwanayo ndiye anali wodziwa. Mudzi wonse unali utamumasula, kupatula iye mwini. Njinga inanyamuka, ndipo Chifuniro sanacheuke.

Pobwerera Loyce sanalowere njira ya kunyumba. Anakhotera kumanda, kumphepete kuja kopanda mitanda, kumene kunamera tsekera ndi chisoso. Panalibe chizindikiro chilichonse, koma mapazi ake ankapadziwa. Anakhala pansi. Zaka zonsezi anali ndi munthu womukwiyira, ndipo mkwiyo unkamugwira msana kuti asagwe. Lero panalibenso mfiti, panalibe lilime la mlamu, panalibe mimba yoti aope kuitseka. Panali thupi lake lokha, limene linateteza mwini wake mokhulupirika kwa ana ake omwe.

Analira. Sanalire mobisa ayi, analira maliro enieni, a mayi wofedwa, mawu ake n'kufika m'minda ndi pamjigo. Anthu anataya makasu ndi ndowa, nathamanga. Woyamba kufika anali mkulu wa mpingo, ali wefuwefu, chipewa m'manja.

"Pepani, aNangozo, sitinamve uthenga," anatero. "Watisiya ndani?"

Loyce analoza udzu uja.

"Ana anga," anatero. "Onse anayi."