Mutu wa Nsomba ya ku Lukanga

Atate anga, a Laban Chikomeni, anagwira ntchito yowotcherera zitsulo za sitima zaka makumi atatu kuno ku Kabwe. Agogo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito kumgodi, atate n'kubadwira konkuno. Ndi munthu wofatsa, wa mawu ochepa. Koma pa nkhani yowotcha nsomba, ha! Palibe wowauza kanthu.

Mbaula yawo anaipanga okha ndi chitsulo chotayidwa. Okutobala akafika ndi dzuwa lake loswa mtengo, ankaitulutsa n'kuiika pansi pa mango kuseri kwa nyumba yathu m'dera la Railways, kenako wapansi kupita kumsika wa ku Katondo kukasankha nsomba za ku dambo la Lukanga. Mchere, ndimu, tsabola pang'ono, basi. Vuto lawo linali phuma. Ankatembenuza nsomba isanapse, khungu lonse n'kutsalira pawaya. Amayi anga, a Emelda, ankakuwa ali pakhonde, "Bambo a Carol, tasiyani nsombayo! Mwasowa chochita kodi?" Koma pa nthawi ya kudya, amayi omwewo ankabudula mutu wa nsomba yaikulu n'kuika m'mbale ya atate. Kwathu mutu ndi wa mwamuna, ndipo womupatsa ndi mkazi wake, osati wina.

Kenako amayi anayamba kuiwala. Poyamba makiyi, kenako njira ya kutchalitchi, kenako ife ana awo. Chaka chatha anayamba kuopa atate. Ankandikoka chitenje n'kunong'ona, "Mayi, bamboyu akufuna chiyani pakhomo pano?" Zinkandipweteka, ndisaname. Atate ankangotuluka, kukakhala pa chitsa panja.

Mkulu wanga Carol anabwera kuchokera ku Lusaka atamanga kale mfundo. "Doreen, mawa ndikuwatenga amayi. Munthu sangakhale nyumba imodzi ndi mwamuna amene akumuopa." Ndinapsa mtima. Atate ndiwo anati, "Ndiwawotchere kaye nsomba lero. Akapanda kundidziwa, uwatenge." Carol anavomera mwaulemu chabe.

Madzulo amenewo kunali zii. Dzuwa linali litapendeka koma nthaka ikadali yotentha, nyenje zikulira m'mitengo osapuma, maluwa a jakaranda ya anzathu akugwera m'bwalo mwathu limodzilimodzi. Kutali sitima ya katundu inaliza hutala, n'kukhalanso chete. Amayi tinawakhazika pa mpando wawo pakhonde. Utsi unkakwera pang'onopang'ono kulowa m'masamba a mango, iwo akuutsatira ndi maso ngati mwana woonera mbalame. Fungo la nsomba ndi ndimu linadzaza bwalo lonse, moti nane ndinayamba kudziona ngati kamtsikana kaja kokhala pa mphasa, kodikira mchira.

Atate anaika nsomba zitatu pawaya. Asanapume n'komwe anatembenuza yoyamba. Khungu tswee, kutsalira pawaya. Anayang'ana kukhonde. Amayi maso anali pa utsi basi. Anatembenuza yachiwiri, kuyang'ananso. Palibe. Yachitatu nayo anaitembenuza chimodzimodzi.

"Atate, mwaononga nsomba zonse!" ndinakalipa ine. Pakamwa pangapa, abale! Mawu atatuluka m'pamene ndinazindikira kuti ankachita dala, kuti mwina amayi awakalipire. Carol anangoweramitsa mutu.

Tinayala mphasa panja pomwepo. Ndinawasambitsa m'manja amayi, n'kuika nsomba zonyukanyukazo pakati. Atate anakhala chapatali pang'ono, kuopa kuwaopsa.

Amayi anayang'ana nsomba yaikulu nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja, kubudula mutu, n'kuugwira m'mwamba. Anandiyang'ana ine, osandipatsa. Anayang'ana Carol, osamupatsa. Maso awo anayendayenda mpaka anakafika kumapeto kwa mphasa. Anasendera okha, n'kuuika mutuwo m'mbale ya atate.

"Idyani, bambo a Carol," anatero. "Koma mwaitembenuzanso msanga."

Ine ndinalira poyera, manyazi ndinalibe. Atate anadya mutuwo mosafulumira, kuyamwa kafupa kalikonse, pomwe Carol anadzuka kukatulutsa zovala za amayi m'chikwama chimene anali atalongedza kale.

M'mawa mwake Carol anakwera basi yekha. Amayi atadzuka anasuzumira pawindo, n'kundikoka chitenje.

"Mayi, bambo akutuluka pagetiwo ndi ndani?"

Anali atate, chisoti kumutu, thumba m'manja, akupita ku Katondo kukagula nsomba.