Monica anandituma kwa amalume ake

Ntchito yolangiza ophunzira pa yunivesite ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Ndinali mphunzitsi pa sekondale ina ku Ndola, ndipo mwana aliyense wa vuto ankamutumiza kwa ine, poti Bena satopa kulankhula. Tsiku lina titatuluka ku kwaya, mnzanga anandionetsa pa foni kuti yunivesite ina ku Kitwe ikufuna alangizi. "Pita iwe," anatero, "kumeneko azikakulipira chifukwa cholongolola." Ndinafunsira, anandiitana, ndipo ndinayankha mafunso mpaka ofunsawo anayamba kuyang'ana pa wotchi. Ananditenga, ndipo ndinabwerera kukakhala ndi amayi ku Ndeke, ku Kitwe komweko, komwe ndinakulira.

Asanatipatse ophunzira, anayamba atiphunzitsa ntchito. Mkulu wathu anali Mai Chanda, mayi wa Chibemba wosathamangira chilichonse. Tinayamba ndi buku la malamulo a yunivesite: nthawi imene wophunzira amabwereza phunziro, nthawi imene amachotsedwa, ndi nthawi imene amaloledwa kusintha pulogalamu. Kenako tinapita pa kompyuta, kuphunzira kutsegula mbiri ya wophunzira, kuwerenga magiredi ake, ndi kulemba mwachidule zimene mwakambirana. Izi ndinazigwira msanga. Chimene chinandikhalira pakhosi ndi masewero. Tinkakhala awiriawiri, wina ngati wophunzira, wina ngati mlangizi, Mai Chanda akujambula pa foni. Ataonetsa kanema wanga, anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti. Wophunzira wanga anangotchula dzina lake basi, zotsalazo ndinamaliza ndekha, mafunso ndi mayankho omwe.

"Ba Bena," anatero Mai Chanda, "mukafunsa funso, tsekani pakamwa. Kukhala cheteko kukayamba kukuyabwani, dziwani kuti kwayamba kugwira ntchito."

Anatiphunzitsanso kuchotsa mpando kuseri kwa tebulo n'kukhala cham'mbali mwa wophunzira, ndi kufunsa mafunso amene munthu sangawayankhe ndi eya kapena ayi. Panalinso malamulo awiri amene ankawabwereza ngati pemphero. Loyamba linali lakuti magiredi a wophunzira sauzidwa munthu wina popanda chilolezo chake, kaya ndi kholo kaya ndi wansembe. Lachiwiri linali lakuti wophunzira azidzilankhulira yekha, mlangizi asamulande mawu. Ndinavomera onse awiri, osadziwa kuti tsiku lina adzandikokera uku ndi uku.

Semesita yanga yachiwiri anandipatsa Monica Mwale, wa chaka chachiwiri pa uinjiniya wa migodi. Chaka choyamba anakhoza bwino, kenako magiredi anagwa ngati khoma la zidina m'dzinja. Ndinamuitana, ndinakhala cham'mbali, ndinafunsa funso limodzi n'kudziluma lilime. Patapita nthawi anayamba kufotokoza. Kalasi yawo inapita kukaona mgodi, ndipo kheji, chikepe chotsitsira anthu pansi, itangoyamba kutsika, mpweya unamuthera. Anatuluka anzake atamugwirizira. Kuyambira tsiku limenelo, akatsegula buku la migodi mtima unkathamanga, mpaka anasiya kulowa m'kalasi.

Malamulo anali omveka: akalepheranso semesita imeneyo, achotsedwa. Njira inalipo imodzi yokha, kusamukira ku pulogalamu ya zachilengedwe. Magiredi ake a chaka choyamba ankamulola kutero, koma mwayi wosinthawo unkatha Lachisanu la sabata yomweyo.

"Nanga chikukuletsa n'chiyani?" ndinafunsa.

"Amalume," anayankha, maso ali pansi.

Bambo ake a Monica anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo amene anamulera ndi a Banda, mlongo wawo wa amayi ake. A Banda ndinkawadziwa bwino. Anagwira ntchito pansi pa mgodi shifiti imodzi ndi malemu bambo anga, ndipo ku parishi kwathu ku Ndeke amakhala benchi la kutsogolo. Tsiku limene Monica anasankhidwa kupita ku yunivesite, anagula chisoti choyera, chovala mainjiniya, n'kuchiika pamwamba pa kabati pabalaza. Mlendo aliyense ankaonetsedwa chisoticho asanapatsidwe madzi akumwa.

Lachinayi m'mawa, ndisanatsegule n'komwe kompyuta, a Banda analowa mu ofesi atavala jekete la kutchalitchi.

"Bena, mwana wa a Tembo," anatero asanakhale pansi, "tsegula makina yako unionetse marizauti ya mwana wanga. Namva ati ayendayenda chabe pa maliketi anzake ali mu kalasi. Kapena ni mimba? Uniuze."

Ndinaimirira, ndinawapatsa moni ndi manja awiri, ndinawakokera mpando. Mantha ndinali nawo, sindibisa. Uyu anali munthu amene ananyamula bokosi la bambo anga pa maliro. Koma ntchito yanga ndinkaidziwa.

"Atate, sindiloledwa kuonetsa munthu aliyense Monica asanavomere. Ndipatseni mpata ndimuitane."

"Munthu aliyense? Ine manje nakhala munthu aliyense?"

Yankho ndinali nalo, lalitali ndithu, koma ndinalimeza. Ndinawathirira madzi m'kapu n'kutuluka kukaimba foni.

Monica ndinakumana naye pakhonde. Ndinamuuza zimene ndinaphunzitsidwa, kuti alowe awauze yekha, ine ndikhala pambali pake.

"Madamu, imwe ndimwe a kwathu, mudziwa," anatero. "Ine niime pamaso pa amalume, niwauze kuti chisoti chawo sinichifuna? Nizangogwada, nivomere zonse zamene azakamba."

Ankanena zoona. Kwathu nkhani yolemera mwana saitula yekha kwa amalume ake. Amatuma munthu, monga zimakhalira pa nkhani za ukwati kapena pa mlandu wa m'banja, ndipo wamkulu amamvetsera wotumidwayo mpaka amalize, chifukwa kumudula mawu n'kudzichotsera ulemu. Ndikanaumirira kuti alankhule yekha, akanagwada, Lachisanu likanadutsa, ndipo kumapeto kwa semesita akanalongedza katundu.

"Ukufuna kundituma?" ndinamufunsa.

Anagwedeza mutu kuvomera. Tinagwirizana pomwepo zimene ndikanene: magiredi, nkhani ya kheji, ndi pulogalamu imene ankafuna. Zina zimene anandiuzapo za m'nyumba mwawo anati zikhale, ndipo zinakhaladi. Atasaina chilolezo, ndinagogoda kwa Mai Chanda n'kuwafotokozera mwachidule. Anandiyang'ana kanthawi pamwamba pa magalasi.

"Mawu akhale ake, pakamwa pokha ndiye panu," anatero. "Mukathirako nzeru zanu, mwaononga. Pitani, akuyembekezani."

Titalowa, Monica anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko. Ine ndinakoka mpando wanga cham'mbali mwa a Banda, ndinawomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Atate, mwana wanu wandituma."

A Banda anandiyang'ana, anayang'ana Monica, kenako anavula chipewa n'kuchiika pa bondo. Ndinafotokoza zonse mwa ndondomeko, osakometsera. Nditatchula magiredi, nsagwada zawo zinalimba, koma sanandidule. Nditamaliza ndinati, "Mawu amene ananditumawo ndi omwewo."

Apa ndiye panali mayeso anga enieni. M'kamwa munadzaza mawu: kuti zachilengedwe n'zabwino, kuti ntchito zake zilipo, kuti masiku ano zinthu zinasintha. Ndinawatsekera onse mkati. Kunja kunkamveka kondakitala wa minibasi akuitanira anthu a ku tauni. Kukhala cheteko kunandiyabwa thupi lonse, monga ananenera Mai Chanda, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Kheji ija," a Banda anayamba, akuyang'ana chipewa chawo. "Ine chaka changa choyamba ninali kusanza m'mawa uliwonse nikalibe kungena mu kheji. Atate ako, Bena, anali kuniimira kutsogolo kuti kapitawo asaone. Ninalibe womutuma ine. Ninalibe na kwina koyenda."

Zimenezi bambo anga sanatiuzepo. Apa kukhala chete sikunandivutenso.

A Banda anapukuta kumaso ndi chikhatho n'kuwongola msana. Sanayang'ane kuchitseko, analankhula ndi ine. "Amai Tembo, kamuuzeni mwana wanga kuti namva. Asinthe. Koma mumuuzenso kuti zothawa kalasi n'kukabisala pa maliketi sinifuna kuzimvanso. Na chisoti chija sinigulitsa."

Ndinatembenuka n'kubwereza mawu onsewo kwa Monica, ndi chidzudzulo chomwe, ngakhale anali pomwepo ndipo anamva yekha. Ntchito ya wotumidwa imatha akabweza yankho. Monica anagwada, anawomba m'manja, misozi ikutsikira pa bulauzi. Lachisanu m'mawa tinakatula pempho lake losintha pulogalamu, ndipo linavomerezedwa.

Mwezi uliwonse alangizi timakumana kukambirana nkhani zovuta, osatchula mayina. Nditafotokoza iyi, ena anati ndinaphwanya lamulo lachiwiri. Ine ndinati ayi, ndipo mpaka lero ndimatero. Lamulolo linaikidwa kuti maganizo a wophunzira asamizidwe ndi a mlangizi, ndipo tsiku limenelo maganizo a Monica anafika onse kwa amalume ake, popanda anga ngakhale amodzi. Mai Chanda anawonjezera sewero latsopano pa maphunziro a alangizi, la kholo limene lalowa mu ofesi mosayembekezeka. Masiku ano ndine ndimaliphunzitsa, ndipo kholo lokwiya ndimakhala ineyo, poti pamenepo pokha ndi pomwe amandilola kulongolola. Alangizi atsopano ndimawauza kuti buku la malamulo aliloweze, koma adziwenso kunyumba kumene wophunzirayo amagona. Wina amafunika kuti umusiye alankhule. Wina amafunika kuti umubwereke pakamwa, atakupempha yekha, ndipo ubweze pakamwapo osasiyamo zako.

Monica anamaliza maphunziro ake. Amagwira ntchito yoyeza madzi otuluka m'migodi asanalowe mumtsinje, pamtunda, pomwe mpweya ulipo wokwanira. Tsiku lina anadutsira ku ofesi kwanga akuchokera ku ntchito, nsapato zili matope okhaokha, chisoti choyera chili m'khwapa. Ndinamupempha kuti achivale ndione. Chinamutsikira mpaka pa nsidze.

"N'chachikulu pang'ono, madamu," anatero akuseka. "Amalume anagula osayeza. Ku ntchito anafuna kunipatsa china, ninakana."