Mkondo wa Mtengo wa Nandolo

Lero mkazi wanga wasonkha moto ndi mitengo youma ya nandolo, ndipo utsi wake wandibwezera ku Mbulumbuzi.

Tchuthi china achemwali anga anaonera kanema wa ankhondo ochokera ku nyenyezi, basi ana tonse tinasanduka ankhondowo. Tinkadzola phulusa kumaso, mikondo yathu inali mitengo ya nandolo, ndipo mtambo wokuta phiri la Chiradzulu tinkati ndi chombo chathu. Lamulo linali limodzi: wankhondo wa ku nyenyezi salasa mdani amene ali chimanjamanja.

Masana ena ndinayang'anizana ndi msuweni wanga, amene dzulo lake anali atapha nkhunda yanga yoyera ndi legeni. Titangoyamba, mkondo wake unathyoka, iye n'kugwa chagada pakati pa mizere. Anzathu anakuwa, "Mumalize! Mumalize!"

Ndinakweza mkondo. M'maso mwanga munali nthenga za nkhunda ija, zitamwazika pabwalo.

"Achimwene," achemwali anatero motsitsa mawu, "kwathu kumwambaku timatero?"

Chifunga chinali chikutsika m'phiri, chikumeza minda umodziumodzi, chozizira, chonunkhira dothi lonyowa. Ndinamva ngati eni lamulo aja atsika kudzandiona. Ndinathyola mkondo wanga pabondo, theka n'kumuponyera msuweni uja.

Anatola, n'kudzuka pang'onopang'ono, misozi ikulemba tinjira m'phulusa la m'masaya mwake.

"Ndinkayesa njiwa yakutchire," anatero.

Chombo chathu chinatipeza tili chiimire m'mundamo, aliyense atagwira theka lake, popanda wolasa mnzake.