Pokhota Uzitenga Patali

Ku Edmonton, kumpoto kwa London, ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo pakamwa panga panali patandipalamulira kale. Manejala, mayi wamfupi wosaseka, anandiuza maso ndi maso kuti ndikadzangokalipiranso wokalamba mmodzi, yunifolomu ndisiye patebulo. Ntchito ija ndiyo inkandisunga mu London. Ina ndinalibe.

Ondiyesa kwambiri anali madala ena achizungu, amene pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankayendetsa kasinja m'chipululu. Dzina la mwana wawo anali ataliiwala, koma za matcheni amene kasinja amayendera, ayi ndithu. Ndikamawasambitsa, phunziro. Ndikamawameta, phunziro. Ankati tcheni chija ndi zidutswa za chitsulo zolumikizidwa ndi mapini, ndipo mchenga umadya mapiniwo osapuma. Ukachikunga kwambiri, pini imaduka. Ukachisiya chokhwepa, chimavuka pamagudumu ukangokhota mwamphamvu. Ndiye chilombo chonse chija, ndi mfuti yake yaikulu yomwe, chimangoti njo ngati chulu, ndipo wina ayenera kutuluka ndi nyundo kukakonza, adani akuwombera.

Tsiku lina m'mawa ankayenera kukaonana ndi dokotala wa mtima kuchipatala chachikulu. Galimoto yonyamula odwala inafika tisanavale ndi nsapato zomwe. Dalaivala anangogona pa hutala. Ndinawakhazika madala aja pa njinga yawo ya olumala n'kuyamba kuthamanga nayo mukolido. Pakona ndinaipotoza kamodzi, osachepetsa liwiro.

Anakuwa. Manja onse awiri anagwira magudumu, gwa!

"Wavula tcheni, chitsiru iwe! Atuluke ndani tsopano?"

"Madala, siyani mateyala. Galimoto itisiya."

"Ndinakhota chonchi ine. Chonchi! Anatuluka ndi nyundo ndi mnzanga wa wayilesi. Sanalowenso."

Zimenezo anali asanandiuzepo. Koma musaganize kuti mtima wanga unafewa pompo. Magazi anali atakwera kale, hutala ikulira, manejala ataima pakhomo la ofesi yake manja atapinda, akungondidikira. Mawu anafika mpaka m'mano.

Pa tebulo la tiyi panali supuni. Ndinaitola, n'kugwada, n'kuyamba kugogoda gudumu lakumanzere, ngo, ngo, ngo, kuzungulira lonse.

"Linalo," anatero. "Usadumphe pini."

Ndinagogoda linalo, thukuta lili kamukamu, ndikutukwana chamumtima.

"Zonse zagwira, bwana."

"Walowa?"

"Ndalowa."

"Tseka chitseko cha pamwambapo. Tiye. Pokhota uzitenga patali."

Manja anachoka pamagudumu. Kona yotsatira ndinaitenga patali ngati basi, mpaka kukhula khoma linalo. Pofika panja, galimoto inali ikutuluka pageti.

Apo ndiye ndinamasula zonse. Ndinamutchula dalaivala uja ndi hutala yake, ndi amene anamupatsa laisensi, m'Chichewa cha kumsika, mpaka azimayi a pasiteji ya basi anacheuka.

"Wanena chiyani?" anafunsa manejala kumbuyo kwanga.

"Ndamufunira ulendo wabwino."

Anayang'ana ine, anayang'ana supuni imene ndinali nditaigwirabe, n'kubwerera mkati kukaitana takisi. Za yunifolomu sanatchule.

Madala aja anakhala nafe mpaka nyengo yachisanu yotsatira. M'mawa uliwonse supuni, pakona iliyonse patali, ine mano ali gwa, wotchi ikuthamanga. Tinkachedwa paliponse.