Thonje la dokotala

Akamathira phula pamsewu, fungo lake limandibwezera ku Chawama, nthawi ya chipani chimodzi, ndili mwana.

Ndinatuluka zigamba zoyera zokhakhala m'zigongono ndi m'khosi. Jivi, mankhwala opaka pazilonda aja, analephera. Eninyumba anauza amayi pampopi: "Ngati ni khate, musakile nyumba ina."

Popita kuchipatala chachikulu ndinachita malonda anga oyamba. Atate analonjeza chitumbuwa chimodzi ndikapanda kulira, ine ndinakakamira mpaka zitatu.

Dokotala anati nditsinzine, n'kumakhudza zigambazo ndi thonje. "Wamvela?"

"Iyai," ndinanama, poti mwamuna samva kanthu. Sindinkadziwa kuti khungu losamva kukhudza ndilo la khate. Amayi anayamba kusisima.

Kenaka dokotala anayendetsa thonjelo pang'onopang'ono pachigamba cha m'khosi. Ndinaphulika kuseka.

"Amai, si khate iyi. Ni matenda ya pakhungu yosapatsilana, na mwana wa boza." Anatipatsa mafuta akuda onunkha phula.

Panja amayi anandikoka khutu, misozi isanaume.

"Batate," ndinatero khutu likuyaka, "balila ni bamai, osati ine. Vitumbuwa vanga?"