Uthenga wa Maliro ku Kampani ya Magemu

Ine za magemu sindinkazidziwa, ndipo kunena zoona ndinkaziona ngati zachibwana. Koma mlongo wanga wopondana nane, yemwe ankaphunzitsa pa pulayimale ina kufupi ndi Bembeke, adaziika pamtima. Munthu wamkulu, wandevu zake, akaweruka kusukulu ankakhala pakhonde laputopu ili pamiyendo, mwana wake wamkazi atamutsamira paphewa. Ndikamuseka kuti, "Aphunzitsi, anzanu ali kudimba, inu mukulima pagalasi," ankangoti, "Alongo, kunotu feteleza sadula."

Gemu imene awiriwo ankaikonda idalidi ya ulimi. M'menemo adatsegula munda, adamanga nyumba ndi khola, adabzala mitengo ya zipatso kuseri kwa nyumbayo. Adailima zaka ndithu, bambo ndi mwana, mpaka kumakangana za pomwe chitsime chikhale.

Mlongo wangayo adadwala masiku ochepa chabe m'nyengo yozizira, basi n'kutisiya. Mwanayo n'kuti ali mu Sitandade 5.

Tsiku logawa katundu, malume athu, alongo awo a mayi, ndiwo adatsogolera monga mwa nthawi zonse. Njinga idapita kwa mng'ono wake wa malemu, majekete kwa asuweni, mabuku kusukulu. Laputopu malume adainyamula ndi manja awiri n'kuiika pamiyendo pa mwanayo, anthu onse akuona. "Ichi n'chako," adatero. "Pasapezeke wokulanda."

Kuyambira pamenepo mwanayo akabwera kusukulu ankabwereka foni ya amayi ake, n'kulumikiza intaneti, n'kulowa m'munda muja. Mlamu wanga, amayi akewo, adandiuza kuti nthawi zambiri sankalima n'komwe. Ankangoyendayenda m'nyumba ya m'gemuyo, kuyang'ana zinthu momwe adadi ake adazisiyira. Chakudya ankadya pang'ono, kulankhula ankalankhula pang'ono, koma akakhala pamenepo nkhope yake inkamasuka.

Tsiku lina malume adabwera kudzazonda anamfedwa, ine ndili pomwepo. Mwanayo atatsegula laputopu, pagalasi padatuluka mawu olonjera malemu, dzina lawo lonse lili mbee. Malume adadzidzimuka.

"Iii! Munthu woti tidamuika m'manda, dzina lake likulandirabe moni? Ayi, izi sizoona. Eni malondawo auzidwe kuti kuno kudagwa maliro, alembe dzina la mwanayu. Asamagwiritse ntchito chinthu chake chomwe ngati wachiba."

Palibe adatsutsa, chifukwa kwathu ndi momwe timachitira. Munthu akamwalira, wagolosale amauzidwa, a kumphakati amauzidwa, mwini dimba la lendi amauzidwa. Kubisa maliro kwa munthu amene malemu ankachita naye zinthu ndi mwano. Poti ine ndimagulitsa mabuku ndi zolembera pa Boma ndipo Chingelezi ndimachidziwako, ntchito yolemba idagwera ine.

Nditafufuza m'laputopumo ndidapeza kuti mlongo wanga ankagula magemu ku makampani awiri a kunja. Sitolo zake si za makoma ayi, ndipo sakupatsa chimbale choti uchigwire. Umalipira, gemu n'kubwera pa intaneti. Ndidalembera onse awiri mwaulemu, kufotokoza za imfa, za mwana wamasiye, ndi zoti banja lagwirizana kuti zonse zikhale zake.

Kampani yaing'ono ndiyo idayamba kuyankha. Adapepesa, kenako adati magemu amene malemu adagula kwa iwo alibe loko, safuna intaneti, tiwakopere pa fulashi tisunge, mwana azisewera mpaka kukula. Nditawawerengera malume pafoni, adati, "Amenewo ndi anthu, adaleredwa." Koma magemu a kumeneko adali a mpira ndi a magalimoto. Wa munda uja udali ku kampani yaikulu.

Yankho la kampani yaikuluyo lidandipeza m'shopu m'mawa, chifunga chisadachoke. Nawonso adayamba ndi pepani. Kenako adati malemu sadagule magemu, adagula chilolezo chosewera, ndipo chilolezocho chidali cha iye yekha. Sichipatsidwa kwa wina, sichilowa m'chuma cha masiye. Poti tawadziwitsa kuti mwini wake adamwalira, akaunti aitseka.

Mayo ine! Ndidawerenga, n'kubwerezanso, kuganiza kuti mwina Chingelezi chandithawa. Ndidakhala pa katoni ya makope. Kasitomala adalowa kufuna bolopeni, ine kumangomuyang'ana ngati walankhula Chipwitikizi. Ndidalembanso pomwepo kuti chonde, magemu enawo tengani, tisiyireni munda wokhawo, ndi wa mwana wamng'ono. Adandibwezera mawu omwe aja, osasintha ngakhale limodzi, n'kuwonjezera kuti malemu adavomereza malamulowo tsiku lomwe adalembetsa. Mundawo nawo sudali m'laputopu. Unkasungidwa kwa iwo, ife tinkangouona.

Ndidaimbira malume. Nditawafotokozera zonse, adafunsa:

"Ukuti adalipira, koma sichake?"

"Akutero, malume."

"Nanga adalipira chiyani? Ine ndikagula khasu pamsika, ndikafa wosula abwere adzalitenge pamaliro? Ndagawa katundu wa anthu ambiri ine, koma za chinthu chofera limodzi ndi mwini wake ndikuzimva lero."

Ndidatseka shopu dzuwa lili pamutu, n'kukwera minibasi, kutsika pa siteji n'kutenga kabaza. Njira yonse ndinkapemphera kuti ndikafike mwanayo asadaweruke, ndikamuuze ndekha asadaone pagalasi. Mtima unkandiwawa, komanso ndidali nditakwiya kwambiri, kukwiyira anthu oti sindidzawaona nkhope. Timawauza za maliro mwaulemu, iwo n'kutenga ulemu wathu womwewo kutsekera chitseko? Anthu ake otani amenewa?

Ndidachedwa. Ndidamupeza ali pakhonde, yunifolomu asadavule, laputopu ili pamiyendo. Malume adali atafika kale panjinga yawo, atakhala pampando chipewa chili m'manja. Mlamu wanga adaima pakhomo atagwira pakamwa.

"Azakhali, ikukana," adatero mwanayo. "Ndayesa kuzimitsa n'kuyatsanso. Kapena bandulo yatha?"

Ndidakhala pansi pambali pake n'kumufotokozera zonse, pang'onopang'ono, osabisa kanthu. Ndidamuuzanso kuti magemu a mpira ndi a magalimoto alipo, ndi ake mpaka kalekale.  Adafunsa ngati angathe kulowamo kamodzi kokha, angojambula nyumbayo ndi foni. Ndidati sizitheka.

Sadalire. Adatseka laputopuyo bwinobwino, adapukuta fumbi pamwamba pake ndi mkono wa juzi, kenako adayang'ana malume, n'kuyang'ana ine.

"Ndiye kumeneko sankadziwa kuti adadi adamwalira?"

"Sankadziwa, mwana wanga."

"Mukadangowasiya," adatero motsitsa mawu. "Kumeneko kokha ndiye adali adakali moyo."